Tsikirani kuno ku chigwa mudzatiuze zomwe munapeza

Kalata yotseguka kwa a Nduna oona za maphunziro a ukachenjede, akuluakulu oyendetsa mayunivesite a dziko lino, ndi mabwanamkubwa a Chikwawa ndi Nsanje

Olemekezeka nonse,

Ndakulonjerani kuchokera kuno kumunsi, ku chigwa cha Shire, komwe mwezi uno wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo ndipo ngakhale mbuzi zikusowa pobisala. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Uphunzitsi wanga wonse ndaugwirira m'sukulu za pakati pa Nchalo ndi Bangula, ndipo nthawi ya tchuthi ndinkapeza ganyu yoperekeza anthu a kafukufuku m'midzi, kuwalozera njira ndi kuwamasulira Chisena ndi Chimang'anja. Zomwe ndinene m'kalata muno ndinazitola m'maulendo amenewo.

Chaka china ndinaperekeza gulu la oyeza madzi ku mudzi wina wa kufupi ndi Ngabu. Dzina la gululo ndi komwe linachokera ndizisunga, poti nkhaniyi si ya iwo okha. Anafika ndi timabotolo m'bokosi lozizira. Pa mjigo uliwonse ankayamba apopa kaye kanthawi, kenaka n'kuviika kachipangizo m'ndowa, kulemba manambala, n'kudzaza kabotolo. Mjigo wa m'mudzimo ndi wa madzi amchere. Sopo sachita thovu, nyemba zimachedwa kupsa, ndipo ndowa ikauma imatsala ndi mzere woyera m'mbali. Amayi amaulambalala mjigowo n'kupita kukafukula mchenga kumtsinje, kudikira kuti madzi atuluke pang'onopang'ono m'kadzenje, n'kumatunga ndi chikho. Tsikulo gogo wina anaonerera ntchito yathu yonse ali phee pa muzu wa mtengo wa nimu. Titamanga katundu anandigwira mkono.

"Aphunzitsi, tawafunsani anawa. Madzi atengawa akakayeza, adzabwera kudzatiuza?"

Ndinamasulira. Mkulu wa gululo anayankha mwaulemu kuti zotsatira zikangotuluka abweranso. Ine ndinatembenuka n'kunena kuti, "Agogo, akuti adzabwera." Kuyambira tsiku limenelo, tikakumana pamaliro kapena pamsika, moni wawo unali umodzi: "Aphunzitsi, nanga madzi athu aja?" Lonjezolo analimva kuchokera pakamwa panga, ndiye ngongole inakhala yanga. Anatsikira kulichete ndisanawabwezere yankho.

Chondiwawa n'chakuti yankholo lilipo. Patapita nthawi, mwana wa mlongo wanga yemwe amaphunzira ku yunivesite anandiwerengera zomwe akatswiri analemba za madzi a pansi pa chigwa chino. Chigwachi chili mu mng'alu waukulu wa dziko, ndipo chinadzaza ndi dongo ndi mchenga wokokoloka kwa zaka zosawerengeka. Pamene pali dongo madzi a pansi amayenda mochedwa, amasungunula mchere wa m'nthaka, ndipo kutentha kwa kuno kukamaumitsa madziwo mchere umatsalira n'kumachulukirachulukira. N'chifukwa chake mjigo wina umatulutsa madzi okoma pomwe wina wapafupi ndithu madzi ake samweka, ndipo madzi abwino amakonda kupezeka m'munsi mwa mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje ya mchenga, momwe madzi atsopano amalowa chaka ndi chaka. Zonsezi zikanatheka kufotokoza pansi pa nimu uja masana amodzi. Koma zinalembedwa m'Chingerezi, m'magazini a akatswiri omwe ngakhale ine mphunzitsi sindinawagwirepo. Mudzi uja unasonkha ndalama, mchenga ndi njerwa, mjigo wachiwiri unakumbidwa pafupi ndi woyamba uja, ndipo nawonso unatuluka wamchere.

Mwana yemweyo ndi amene anandionetsa chinthu chomwe ndadzera lero. Ndinakwera kumtunda kukamuona, ndipo anandiuza kuti madzulo a tsikulo pasukulu pawo pali bwalo lotsegukira aliyense. Mphunzitsi mmodzi amaima n'kufotokoza zomwe wapeza pa kafukufuku wake, ndipo aphunzitsi a nthambi zina, ophunzira ndi anthu wamba amamvetsera n'kufunsa. Mutu wa tsikulo unali kusefukira kwa madzi ku chigwa cha Shire. Ndinakhala kumbuyo. Wolankhula anali katswiri wa za madzi, ndipo anaonetsa pakhoma mapu a mitundu, kofiira komwe madzi amafika msanga, kwachikasu komwe amafika mochedwa. Nditazindikira kwathu pa mapupo mtima unagunda. Atamaliza, anaimirira mayi wina wophunzitsa za tizilombo, nafunsa kuti madziwo akafika amakhala masiku angati asanaphwe, chifukwa udzudzu umangofuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka. Katswiri uja anavomera kuti mapu ake akuonetsa pofika madzi chabe, osati kukhalitsa kwake, ndipo ndinamuona akulemba funsolo m'kabuku. Kenaka bambo wina wa mbiri yakale anakumbutsa kuti ena mwa malo ofiirawo kale anali midzi ndi minda ya thonje, ndipo anthu amene amabwererako ali ndi zifukwa zawo. Anthu atatu ophunzira kwambiri, ogwira ntchito mumpanda umodzi, anazindikira tsiku limenelo kuti akhala akusenza denga limodzi, aliyense ngodya yake, osaonana.

Ndinakondwa kwambiri, ndipo ndikuthokoza aliyense wa inu amene amalola ndi kulipirira mabwalo oterewa. Musawaleke. Koma nditamwaza maso m'holomo ndinadzifunsa kuti mwa anthu onsewa ndi angati anachezerapo pachulu usiku wonse, mwana ali paphewa, madzi akukwera? Ndinakweza mkono kuti ndinene zomwe tinaona madzi atasefukira mu Januwale 2015, koma nthawi inali itatha ndipo woyendetsa mwambo anatseka. Nkhani inali yathu, mapu anali a kwathu, koma eniake tinalipo awiri, ine ndi mwana uja, ndipo ndalama ya minibasi yomwe inandifikitsa kumeneko mlimi wa ku Makhanga sangaitulutse.

Pempho langa tsono ndi lakuti mabwalo amenewa atsikire kuno. Asathere m'maholo a kumtunda. Ndipo akamatsika, asatsike katswiri mmodzimmodzi, atsike pamodzi monga ndinawaonera tsiku lija.

Yunivesite ya Malawi itatsegulidwa mu 1965 inali imodzi, ndipo kwa zaka zambiri injiniya, mlangizi wa ulimi, loya, namwino ndi mphunzitsi ankatuluka m'khola limodzi. Bunda inapatuka n'kukhala LUANAR, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, sukulu za madotolo ndi anamwino zinakhala KUHeS, Chancellor College ku Zomba n'kutsala ndi dzina la UNIMA. Kuwonjezera apo tili ndi Mzuzu University komanso MUST ya ku Thyolo yomwe inatsegulidwa mu 2014. Kukula n'kwabwino, ana ambiri akupeza malo. Koma nzeru zalowa m'mipanda yosiyanasiyana, pomwe mavuto a kuno sabwera atagawidwa m'nthambi.

Taonani mmene vuto limodzi limayendera. Mitengo ikatha ndi makala m'mapiri a Mwanza, m'zitunda za Thyolo ndi m'mapiri a kumalire ndi Mozambique, mvula imakokolola dothi n'kulitsitsira kuno. Mitsinje ngati Mwanza ndi Lalanje imakwiririka ndi mchenga mpaka pansi pa milatho ina pamangotsala kampata koti munthu adutse chowerama. Madzi akabwera amasowa njira n'kulowa m'midzi. Zimbudzi zimagwa, zitsime zimadetsedwa, kolera amapeza polowera, ndipo tonse tikukumbukira mliri wa 2022 ndi 2023 womwe unatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno. Madzi otsalira m'zithaphwi amaswetsa udzudzu. Othawa madzi amakagona m'makalasi, ndiye sukulu imaima milungu ingapo mayeso ali pakhomo. Ine ndinali ndi mtsikana wanzeru mu Sitandade 8 amene sanabwererenso m'kalasi msasa utatha. Chaka chotsatira ndinakumana naye pachigayo ali ndi mwana kumsana, ndipo anandipatsa moni maso ali pansi. Ndiuzeni, olemekezeka, nkhani imeneyi ndi ya nthambi iti? Ya nkhalango, ya zomangamanga, ya zaumoyo, ya maphunziro kapena ya malamulo? Kwa ife ndi chaka chimodzi cha banja limodzi, ndipo tikufuna tione anthu odziwa mbali zonsezo atakhala pa benchi imodzi, akuyankhana pamaso pathu.

Ndipereke chitsanzo cha phunziro limodzi lomwe lingapulumutse anthu. Madzi akasefukira, mawu amene amathamanga msanga m'midzi ndi akuti "atsegula ku Liwonde." N'zoona kuti pa Liwonde pali chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage chomwe chinamangidwa mu 1965, ndipo chimawongolera madzi ochoka m'nyanja ya Malawi kuti makina a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira azizungulira. N'zoonanso kuti nyanja ikadzaza kwambiri mtsinje wa Shire umakhala wokwera miyezi yambiri, madimba osaphwa. Koma madzi aja obwera mwadzidzidzi usiku, ogwetsa nyumba anthu ali mtulo, kawirikawiri amachokera kwina. Mvula yamphamvu ikagwa pa phiri la Mulanje, mtsinje wa Ruo umatsika ndi ukali n'kukagunda Shire pa Chiromo. Madzi a mu Shire amalephera kudutsa, amabwerera m'dambo la Elephant Marsh ndi m'midzi yozungulira. Mu 2015 Ruo unasiya njira yake n'kudzitsegulira ina, Makhanga n'kusanduka chilumba chofikika pa bwato ndi pa helikopita basi. Tsono munthu amene akukhulupirira kuti vuto lonse lili pa Liwonde sasamala akamva pa wailesi kuti ku Mulanje yagwa mvula yambiri. Amayang'ana kumwamba, kwawo kuli mbee, n'kukagona. Katswiri wa zanyengo, wa za madzi ndi woyendetsa chotchingira chija ataima pamodzi pa Bangula n'kujambula pansi ndi kamtengo mmene mitsinje iwiriyi imakumanirana, anthu sangaiwale.

Ndipo akatswiriwo sangabwerere chimanjamanja. Kuno kuli nkhalamba zomwe zingakulozereni ndi ndodo kuti apa mukuona chimanga apa kale unali mtsinje, ndipo tsiku lina udzabwerera, poti madzi saiwala khwawa. Kuli asodzi odziwa kuwerenga mtundu wa madzi ndi zinyalala zomwe akunyamula, n'kukuuzani ngati achokera ku Ruo kapena kumtunda kwa Shire. Kuli amayi oyang'ana nyerere zikamasamutsa mazira. Zina mwa izi katswiri adzazitsimikiza, zina adzazitsutsa ndi umboni, ndipo zonse ziwirizo ndi phindu. Koma kuti zitheke mpofunika akumane.

Pali nkhani ina yomwe imandikhudza kuposa zonse. Chaka chilichonse madzi akaononga timamva kuti anthu a ku chigwa ndi osamva, amakana kusamukira kumtunda chifukwa anazolowera kulandira. Mawu amenewa amalasa mtima, ndipo amanenedwa ndi anthu amene sanamvepo mbiri ya malo ano. Wolemba mbiri Elias Mandala, mwana wa dziko lino, anayenda m'midzi ya kuno kufunsa akuluakulu, ndipo mu 1990 anatulutsa buku la mbiri ya chigwachi kuyambira 1859, chaka chomwe David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire, kufikira 1960. Anafotokoza zomwe mlimi aliyense wa kuno amazidziwa, kuti moyo wathu unaima pa miyendo iwiri: munda wa kumphala wodalira mvula, ndi dimba la kudambo lodalira chinyezi ndi dothi lachonde lomwe madzi amasiya akaphwa. Kumphala mvula ndi yochepa, zopirira ndi mapira ndi mchewere. Chimanga, mbatata ndi nyemba zomwe zimagwira banja m'chilimwe zimachokera kudimba. Njala ikafika posauzana, ndi m'dambo momwemo momwe amayi amalowa kukazula nyika, ng'ona zili pomwepo. Kumuuza munthu kuti asamuke osamuonetsa pokalima ndi kumudula mwendo umodzi.

Akatswiri a za madzi amadziwanso kuti kwa zaka pafupifupi 20, kufikira cha m'ma 1935, nyanja inatsika kwambiri mpaka madzi analeka kutulukira mu Shire. Madambo anauma, anthu analowamo n'kulima ndi kumanga. Nyanja itakweranso madzi anabwerera n'kumiza minda ija. Wa za madzi ali ndi manambala a nkhaniyi, wa mbiri ali ndi anthu ake, ndipo mpaka awiriwa atakhala pamodzi, aliyense ali ndi theka. Onjezanipo manda a makolo, onjezanipo ufumu, poti mfumu ikasamukira m'dera la inzake imasanduka mlendo wopempha malo. Ku Nsanje kuli Khulubvi, kachisi wa Mbona, komwe nkhani ya mvula, nthaka ndi ufumu ndi imodzi. Matthew Schoffeleers, wansembe wochokera ku Netherlands amene anakhala kuno n'kudzaphunzitsanso ku Chancellor College, anatha zaka zambiri akulemba za zimenezi. Mwa ana onse amene ndawaphunzitsa, zidzukulu za anthu omwe anafunsidwa mafunso aja, sindinapezepo mmodzi amene anamvapo zomwe zinalembedwa za agogo ake. Wokonza ndondomeko yosamutsa anthu akanamva mbiri imeneyi ikukambidwa pabwalo, eniake akuvomereza ndi kukonza molakwika, bwenzi akubwera ndi mafunso ena osati chala choloza.

Tsopano kukubwera ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi pa Kapichira kulowera ku Bangula, yomwe cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 43,000. Ndi chitukuko chomwe chigwa chakhala chikuchiyembekezera, ndipo ine ndikuchifunira zabwino. Koma walira mvula walira matope, ndipo mafunso ali mbwee m'midzi. Nthaka yokhala ndi mchere ikamathiriridwa popanda njira yochotsera madzi otsala, madzi a pansi amakwera, dzuwa limawaumitsa, mchere n'kutsala pamwamba, munda n'kufa. Kodi minda yathu ili pati pa nkhani imeneyi? Madzi oyenda pang'onopang'ono chaka chonse ndi kwawo kwa nkhono za likodzo, ndipo ana a kuno ndi kutentha kuno adzasambiramo, muletse musaletse. Alimi akupemphedwa kuphatikiza minda m'makopaletivi ndi kulembetsa malo, ndipo mayi wamasiye akufuna kudziwa kuti pa pepalapo palembedwa dzina la yani, nanga ana ake adzalandira chiyani iye akadzapita. Woweta wa ku Ngabu akufunsa kuti ng'ombe zake ziziwolokera pati, zizikadya kuti. Ngalandeyo ikudutsanso m'nkhalango ya Lengwe momwe muli nyama. Ndipo tinaona mu Januwale 2022 namondwe Ana ataononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 a magetsi, pamalo pomwepo poyambira ngalandeyi.

Oyendetsa ntchitoyi amachititsa misonkhano yawo, ndipo n'koyenera kutero. Koma mlimi amafunanso kumva kwa munthu amene alibe mbali, amene angamuuze zokoma ndi zowawa zomwe. Munthu ameneyo ndi mphunzitsi wa ku yunivesite. Zophunzirirapo zili pafupi: nzimbe zakhala zikuthiriridwa ku Nchalo kuyambira m'ma 1960, kuli alimi a Kasinthula, kuli a Phata. Amene anafufuza za nthaka, za ndalama, za umoyo ndi za malamulo a malo m'minda imeneyi abwere limodzi adzatiuze chomwe chinayenda ndi chomwe chinavuta, mlimi asanadinde chala pa pepala.

Sindikunena kuti kafukufuku sanatithandize, ndingalakwe kutero. Mu 2019 Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, ndipo Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma oyambirira. Mu 2022 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatsimikiza kuti matenda a maso a trachoma, omwe anachititsa khungu agogo ambiri kuno, si vuto lalikulunso m'dziko muno. Pa zopambana zimenezi pali magazi a ana athu, pali maola omwe amayi anasiya ntchito n'kumayankha mafunso, pali anyamata omwe ankachezera kugwira udzudzu. Koma taonani izi. Akatswiri anapeza kuti udzudzu wa ku Chikwawa unayamba kupirira mankhwala akale a m'masikito. Anthu nawo anaziona okha kuti udzudzu ukutera pa masikito osafa, ndipo ena anaganiza kuti masikitowo atha ntchito n'kukatchingira mbewu kudimba. Akanauzidwa pabwalo kuti masikito osang'ambika amatchingabe, ndiponso kuti atsopano anawonjezeredwa mankhwala ena pa chifukwa chomwechi, ana ena sakanagona poyera.

Kwa inu akuluakulu a mayunivesite, sindikupempha nyumba zatsopano. Kawiri kapena katatu pa chaka, sankhani mutu umodzi wokhudza chigwa chino, mutumize aphunzitsi atatu a nthambi zosiyana, ngakhale achokere m'mayunivesite osiyana, akwere galimoto imodzi. Kuchoka ku Blantyre kufika pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 okha, ndipo MUST ili kuseri kwa mapiri omwe timawayang'ana tikaima ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire. Pokumanira palipo: maholo a sukulu za sekondale, matchalitchi, malo a kafukufuku wa ulimi a Kasinthula ndi Ngabu, ndi mithunzi ya mitengo. Chonde musathere pa boma ndi m'mbali mwa msewu wa tala. Mufike kwa Chapananga, ku Makhanga, ku Marka, ndipo tsiku lina muwoloke pa bwato mufike kwa Nyachikadza. Nthawi yabwino ndi kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, mvula isanayambe, m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Chilankhulo chikhale chathu. Ndikudziwa kuti kufotokoza sayansi m'Chichewa kapena m'Chisena kumatuluka nako thukuta, poti ndazichita zaka zambiri. Koma mawu amapezeka ukafunsa eniake. Mlimi wa ku Ngabu sadziwa dzina la Chingerezi la dothi lakuda long'ambika m'chilimwe, koma mukanena kuti makande akuuzani mmene limamwera madzi, nthawi yolilima ndi mbewu yomwe imalikonda. M'mayunivesite mwanumo muli ana a kuno, Asena ndi Amang'anja. Atengeni adzamasulire, ndipo ntchitoyo iwerengedwe pa maphunziro awo. Theka la nthawi likhale la eni mudzi. A Lundu, a Tengani, a Mlolo, a Makhuwira ndi mafumu ena akhale kutsogolo monga mwa ulemu wawo, koma mayi wotunga madzi, msodzi ndi wakabaza apatsidwe mpata wofunsa, ndipo katswiri akafunsidwa chomwe sanachifufuze anene poyera kuti chimenecho akachiona kaye. Kuno munthu wotero timamulemekeza. Mawailesi a m'madera athu aulutse zonse, kuti wa kutali amve ali pakhonde.

Lisakhale bwalo la alawansi. Misonkhano yolembetsa mayina pakhomo yatiphunzitsa kubwera ndi thupi mtima n'kuusiya kunyumba. Anthu a kuno amayenda mtunda wautali kupita kumaliro kapena kukamvera mlandu kwa mfumu popanda wowalipira, ndipo adzayendanso chimodzimodzi akadziwa kuti kukukambidwa za mtsinje womwe unawalanda nyumba.

Aphunzitsi anu ena anandiuza kuti kukwezedwa pantchito kumatengera mapepala omwe munthu wasindikiza m'magazini a akatswiri. Ngati ndi choncho, mphunzitsi wotsikira ku Bangula tsiku lonse akutaya nthawi yake, ndipo sindingamudzudzule akakana. Mphamvu yosintha zimenezi ili m'manja mwanu. Bwalo la kumudzi liwerengedwe ngati ntchito.

A Nduna, kafukufuku asanachitike m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi makomiti oona kuti anthu sakuponderezedwa, ndipo pamwamba pawo pali bungwe la National Commission for Science and Technology. Ndikupempha kuti pa ndalama za kafukufuku aliyense wochitikira m'midzi pazikhala gawo la ulendo wobwerera kukanena zotsatira, ndipo amene sanabwerere asalandire chilolezo china kufikira atabweza ngongoleyo. Wobwera ndi ndalama zodzatengera magazi ndi madzi sangasowe mafuta a ulendo umodzi wodzanena zomwe anapezamo.

Inu mabwanamkubwa athu, alendowa asanalowe m'mudzi amayamba agogoda pa ofesi yanu ndi kalata. Sungani buku lolemba amene anabwera, chomwe ankafufuza ndi tsiku lomwe analonjeza kubweranso. Pemphani kuti aliyense azisiya masamba awiri a m'Chichewa ofotokoza zomwe anapeza, ndipo masambawo azifika m'makomiti a chitukuko a m'madera, kwa alangizi, kwa azaumoyo ndi m'sukulu. Mukatero mudzaona nokha kuti midzi ina yafunsidwa mafunso amodzimodzi kangapo ndi magulu osadziwana, pomwe ina palibe anaipondamo.

Pali chinanso chomwe ndikuchiona ndi diso la uphunzitsi. Ana ambiri amene ndawaphunzitsa sanaonepo pulofesa ndi maso. Yunivesite kwa iwo ndi chinthu cha pa wailesi, cha ana a kumtunda. Mtsikana wa ku Tengani akadzaona mayi wophunzira ataima pansi pa mtengo, akufotokoza za mtsinje womwe iye amachapako, mlongo wake wa m'mudzi momwemo akumasulira, adzabwerera m'kalasi Lolemba ali munthu wina.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatipeza tikadali kulira za Ana, ndipo dzinja lina lili pafupi. Ngati mungavomere, bwalo loyamba likhale la Ruo ndi Shire, pa Bangula kapena ku Makhanga, mvula isanagwe. Lachiwiri likhale la madzi amchere, ndipo limenelo ndikupempha lichitikire kufupi ndi Ngabu. Mwana wamkazi wa gogo uja akadali m'mudzi muja, ndipo akutungabe pamchenga, mijigo iwiri ili chiimire pafupi ndi nyumba yake. Mukandiuza tsiku ndidzapita ndekha kukamutenga pa njinga kuti adzakhale kutsogolo, ndipo kumasulira ndidzamasulira ulere.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito, wa m'dera la Ngabu, Chikwawa